Magazi a Mbumba

Linali Lachitatu cha m'ma 9 koloko m'mawa, mvula yoyamba itangogwa, pamene alamu anga anandipeza ndikupalira chinangwa kufupi ndi Milonde. Anandiuza kuti akazi awo, omwe ndi achemwali anga, athawa kuchipatala dzulo lake atangoona timabotolo totengera magazi, ndipo alumbira kuti sabwererako.

"Ine ndine mkamwini chabe," anatero alamu. "Magaziwo ndi akwanu. Eni mbumba ndinu."

Ankanena zoona. Kwathu mwamuna amasamala mkazi wodwala, koma mawu omaliza amachokera kwa mlongo wa mkaziyo. Udindowo unali utandigwera chaka chapitacho, achimwene athu aakulu atamwalira ndi khansa ya m'matumbo. Tsopano achemwali nawo ankaonda, ndipo alamu anandinong'oneza kuti akumaona magazi kuchimbudzi. Imeneyo si nkhani yoti munthu akambe ndi mlongo wake maso ndi maso.

Ndinasiya khasu n'kupalasa njinga kupita kuchipatala. Namwino anandifotokozera kuti pali a kafukufuku amene akupempha magazi a abale a odwala khansayi. Akufuna kuona ngati mapuloteni ena a m'magazi angasonyeze msanga munthu amene ali pachiopsezo. Anati magaziwo paokha sagamula kanthu, ndipo munthu ali ndi ufulu wokana. Chimene chinkamudetsa nkhawa n'chakuti achemwali anachoka asanamve kuti ayenera kukayezedwa m'matumbo kuchipatala chachikulu.

Ndinafunsa komwe magaziwo amapita, amene amawasunga, ndiponso ngati dzina langa limalembedwa pabotolo. Anandiyankha zonse mosapsa mtima. Ndinapinda dzanja la malaya.

Masana ndinafika kwa achemwali thonje likadali pamkono. Anandipatsa moni ali chikhalire pamphasa, n'kuyamba kundikumbutsa za anamapopa, amene anthu kuno amati amayenda akupopa magazi a anthu. Anati wopopedwa amafooka mpaka kulephera kunyamula ndowa. Sindinawatsutse. Kuseri kwa nyumba kunali chigobo cha bulugama chimene alamu anachilephera kuwaza. Ndinapempha nkhwangwa.

Ndinawaza mpaka chigobo chonse chinasanduka mulu wa nkhuni. Thukuta linamatula thonje. Ana a mumpandamo anasonkhana, alamu akuseka kuti ndabwera kudzawachititsa manyazi pamudzi pa eni.

Achemwali anadzuka, anagwira mkono wanga n'kuyang'anitsitsa pamene panalowa singano.

"Anakutengani ochuluka bwanji, achimwene?"

Ndinawaonetsa kutalika kwa chala changa.

"Basi? Ndiye nkhwangwa yanga mwaibunthitsira zomwezo?"

Ndinawauza kuti za kafukufukuzo asankha okha, koma za kuchipatala chachikulu ndalamula ine. Anangouza mwana wawo kuti awachapire chitenje chatsopano.

Aka kanali koyamba kulankhula ngati mwini mbumba, ndipo ndinamveka popanda kukweza mawu. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umakhala m'malo.

M'mawa mwake ndinapopa matayala, ndinamanga pilo pakaliyala, n'kukawatenga achemwali kupita nawo kokwerera minibasi.