Makina Amene Ndinasankhira Ababa

Ababa anapalasa boti pa damu la esiteti ya tiyi zaka zambiri kuposa zimene ine ndinakhala pasukulu. Ntchito imene analembedwa inali ulonda wa damu, koma Loweruka lililonse bwana wamkulu wa esitetiyo, mzungu wamtali wosayankhulayankhula, ankatsika ndi ndodo zake za mbedza, Ababa n'kumupalasira kumene kuli nsomba. M'damumo munali nsomba zachilendo zakukamwa kwakukulu zimene azungu anabwera nazo. Ife a kukomboni tinkangoti nsomba za bwana, ndipo wogwidwa akuwedza ntchito inkamuthera pomwepo.

Nsombazo zinali zochenjera. Sizinkayenda poyera, zinkabisala pansi pa nthambi zogwera m'madzi ndi m'mabango a kumtunda kwa damu. Kuti uzikole unkayenera kufikitsa nyambo pakampata kochepa ngati mbale, modutsa mmunsi, mopanda phokoso. Bwana ankaponya ngati akugenda galu, mbedza n'kukakodwa m'mitengo. Tsiku lina atatopa anapatsa Ababa ndodo kuti nawo ayese. Kuyambira pamenepo, m'malo ovutawo amene ankawedza anali Ababa, bwana akuonerera, mpaka naye anayamba kuphunzira.

Luso lonse linagona pa makina okulungira chingwe. Anali a mtundu wokhala pamwamba pa ndodo, okhala ndi kagudumu kamene kamazungulira chingwe chikamatuluka. Kagudumuko ukakalekerera kamathamanga kuposa chingwe, ndipo chingwecho chimapiringizana ngati tsitsi losapesa. Buleki yake ndi chala chachikulu. Ababa ankagwira nyambo ndi dzanja lamanzere, n'kuweramitsa ndodo, n'kuikweza pang'onopang'ono, nyambo n'kuuluka mmunsi, pafupi ndi madzi. Ikafika pansi pa nthambi, chala chinkatsina kagudumu, nyambo n'kulowa m'madzi mwakachetechete. Makina akale a bwanawo Ababa anawagwira mpaka penti inasupuka pamene pankakhala chala chawo.

Ine zonsezi sizinkandisangalatsa. Ndinali kalaliki kufakitale, ndi tayi yanga, ndi khadi ya chipani m'thumba la malaya. Pamisonkhano ankatiuza kuti thangata inatha kalekale, ndipo ine ndinkawomba m'manja kuposa onse. Ndiye ndikaona Ababa atavala jekete lakale la bwana, manja ake ali opinda kawiri, mtima unkandiwawa. Nsapato zawo zinali zakale za bwana. Chipewa chimodzimodzi. Ndinkati munthu wamkulu ngati ameneyu adzavala liti chinthu chimene sichinavalidwepo ndi wina?

Chaka chimene bwana ankapuma pantchito, Ababa anadwala chifuwa, anakagonekedwa kuchipatala cha ku Mishoni. Ndinapita kukawaona panjinga, ndipo ndinawauza kuti bwana akulongedza katundu, anyamuka sabata yamawa.

"Usadandaule," anatero Ababa. "Anandilonjeza kuti akamapita adzandisiyira makina. Ukanditengere."

"Ali nawo angapo, Ababa. Ndikatenge ati?"

"Iye akudziwa. Zaka zonse zija m'boti limodzi, angalephere kudziwa amene ali anga?"

Anayankhula monyadira, ngati munthu wonena za mnzake wa pachinyamata. Sankafuna ng'ombe kapena malata. Ankangofuna kuti mzungu uja asonyeze kuti anawaona, kuti sanali nkhafi chabe.

Lachitatu masana bwana anandiitanitsa kunyumba kwake. Pakhonde panali mabokosi okhaokha. Patebulo anaika ndodo imodzi, kalata yoti Ababa aziloledwa kuwedza m'damu masiku onse a moyo wawo, ndi makina awiri. Oyamba anali akale aja, osupuka, chogwirira chake chomangidwa ndi waya. Achiwiri anali atsopano, ali m'katoni mwake, onyezimira moti ndinadziona nkhope. Anali a mtundu wina, olendewera pansi pa ndodo, amene chingwe chimangovundukuka chokha popanda chozungulira.

Bwana anakankhira akale aja kumbali kwanga. Anayankhula Chichewa chake chopindika chija: "Bambo ako afuna awa. Ndi awo awa."

Ndinapsa mtima. Mumtima ndinati, taonani, mpaka tsiku lomaliza akutipatsa zotha ntchito, zatsopano akupita nazo kwawo. Ndinayankha m'Chingerezi changa chabwino kwambiri kuti ngati n'kotheka, Ababa angakonde atsopanowo.

Bwana anandiyang'ana. Anafunsa ngati Ababa ananena choncho ndi pakamwa pawo. Ndinati inde. Anatenga makina akale aja, nawatembenuza m'manja, kenako anawaika m'bokosi lake. Ine ndinatsika phiri la kunyumba kwa bwana ndi katoni kukhwapa, ndikuyenda ngati ndapambana mlandu. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya ndikumwetulira.

Ababa anatuluka m'chipatala bwana atapita kale. Anali ataonda, mpweya ukuwavuta, koma tsiku lomwelo anati ndiwapatse katundu wawo. Anakhala pampando pansi pa mtengo wa mapeyala, ana a kukomboni ataunjikana. Ndinagwada n'kuwapatsa katoni ndi manja awiri. Ndinkadikira kuti aseke.

Anatsegula. Anatulutsa makinawo. Amayi ndi amene anayamba kululutira, akuti taonani kuwala kwake, ndipo anthu anawomba m'manja. Ababa anati zikomo, osayang'ana munthu. Anamangirira makinawo pandodo, nandiuza kuti ndiike beseni patali pang'ono, pansi pa nthambi, monga ankachitira akamaphunzitsa bwana. Anaweramitsa ndodo, naikweza. Chala chawo chachikulu chinapita pamalo pake, koma sichinapeze kanthu. Nyambo inapitirira beseni n'kukagwera m'munda wa chinangwa wa aneba. Anayesanso, inakakodwa munthambi. Kachitatu inagwera pamapazi pawo. Ana aja anaseka, Amayi anawathamangitsa ndi tsache.

Sindikunena kuti makinawo anali oipa. Anthu amawedzera omwewo, ndipo mwina Ababa akanakhala ndi mphamvu akanawazolowera. Koma munthu amene anatha zaka akuphunzitsa chala chimodzi ntchito yake, sangayambirenso ali ndi chifuwa chotero. Kudamu anapitako kawiri kokha. Kachiwiriko anabwera asanavike chingwe m'madzi.

Anandifunsa patapita milungu. Unali m'mawa wa Lamulungu, Amayi atapita kutchalitchi, ine ndikuwameta ndevu pakhonde chifukwa manja awo anali atayamba kunjenjemera.

"Tsiku lija kwa bwana, anakuonetsa makina angati?"

Lumo linali pakhosi pawo, ndipo ine ndi amene ndinkachita mantha. Ndikananena zoona, akanandikalipira, mwina akanandinena kuti sukulu inandipusitsa, nkhani n'kutha. Koma sindinkafuna kuti andione ngati chitsiru. Ndinafuna kudzipulumutsa.

"Amodzi okha, Ababa. Omwewa."

"Za akale aja sananene kanthu?"

"Sananene."

Anatseka maso. Ndinaganiza kuti ndawapeputsa mtima, poti tsopano wolakwa anali munthu amene ali kutsidya la nyanja, woti sangamvenso. Ndinapitiriza kumeta. Nditafika pachibwano anayankhula motsitsa, osati kwa ine kwenikweni.

"Ndiye kuti ankangoona msana wanga ndikamapalasa. Ine ndimayesa tinkawedza awiri."

Kuyambira tsiku limenelo sanatchulenso bwana uja. Jekete lija analipereka kwa mlamu wawo wa ku Limbuli. Anzawo akabwera kudzawaona n'kuyamba nkhani za kudamu, za nsomba yaikulu imene anaikoka m'mabango bwana akuvina m'boti, iwo ankangoti zinapita zimenezo, n'kufunsa za mvula. Nkhani zimene ankazikamba mpaka tonse kutopa nazo zinatheratu. Ndinawalanda zaka zawo zabwino kwambiri ndi mawu awiri, ndipo ndinkaona ndi maso anga zikuchoka.

Ndinkati ndiwauza akapezako bwino. Kenako ndinkati ndiwauza akakhala okha. Tsiku lina ndinafika mpaka pakhomo la chipinda chawo, mawu ali pakamwa, koma anatsokomola nthawi yaitali, ndipo ndinangowapatsa madzi. Nthawi yothyola tiyi itafika pachimake, ntchito inachuluka kufakitale, ndipo ndinasangalala kuti ndapeza pobisala.

Anamwalira mvula isanathe, ine ndili kuntchito. Amayi anandiuza kuti sanavutike, ndipo anawonjeza kuti masiku omaliza Ababa ankandiyamikira kwa aliyense wobwera, kuti mwa ana awo onse ine ndi amene sindinawanamizepo. Ndinalira pamaliropo mpaka akuluakulu anandigwira mapewa, akuti mwana uyu ankawakonda bambo ake. Ndinkawakondadi. Koma chimene chinkandiliritsa n'chakuti mzungu uja anawadziwa Ababa kuposa ine mwana wawo, ndipo Ababa anapita kumanda asakudziwa zimenezo chifukwa cha ine.