Kapu ya Jombo ndi Mtedza wa ku Bowe

Mboni zanga ndi zitatu, ndipo zonse zili moyo. Yoyamba ndi akazi anga, amene sanapite nawo koma nkhaniyi amaidziwa kuposa ine. Yachiwiri ndi mwana wathu wamkazi, namwino ku Germany. Yachitatu ndi mayi wina wachijeremani wogulitsa zakumwa zotentha, amene adzavomereza zonse, kungoti mudzapite ndi womasulira. Ine ndinaphunzitsa ku pulayimale kwathu ku Bowe kuno mpaka kupuma, ndiponso ndine mkulu wa mpingo. Bodza ndilibe nalo ntchito.

Mwanayo ananditumizira tikiti mu Disembala, udzu uli thoo m'munda, chimanga chikulira feteleza. Munthu wanzeru sachoka pamudzi mwezi umenewo. Koma akazi anga anali atamva kanthu kena m'mawu a mwanayo pafoni. Tsiku lonyamuka, akumanga thumba la mtedza wokazinga, anati:

"Inu musakatengeke ndi nyumba zazitali. Mukaone ngati mwanayo ali ndi munthu. Akadwala amamugogodera ndani? Ngati palibe, mubwere naye."

"Ndibwere naye bwanji, munthu ali pa ntchito?"

"Mwamva."

Anthu a ku Ntchisi amadzitama ndi chisanu cha mu Juni. Asiye. Ine nditatsika sitima mumzinda umene amakhala mwanayo ndinatsokomola kamodzi, chitsokomolocho chinauma m'malere n'kugwera pa nsapato yanga, ndinachimva kulira ngati khobidi. Dzuwa lakumeneko lili ngati mphunzitsi waulesi: limafika mochedwa, kusaina, n'kuweruka folo koloko isanakwane.

Mwanayo ankalawirira kuchipatala, choncho mzindawo ndinkauyenda ndekha, nditavala jekete lake lalikulu ndi mpango m'khosi. Ndinaona tchalitchi chimene ndinayamba kuchiyang'ana Lolemba, nsonga yake ndinaifika Lachitatu. Ndinaona anthu ataima pa loboti yofiira msewu uli mbee, wopanda ngakhale njinga, ali chete ngati akudikira mdalitso. Tsiku loyamba ndinapereka moni kwa anthu makumi anayi. Anayankha awiri, ndipo mmodzi mwa iwo anali galu.

Madzulo ndinamufunsa mwanayo: "Khomo loyandikana nali mumakhala ndani?"

"Sindikudziwa, Bambo."

"Zaka zitatu?"

"Kuno zimatero." Anaseka pang'ono, n'kutembenuka kukatsuka mbale imene inali yotsuka kale. Apo m'pamene ndinazindikira kuti mpando umene ndinakhalapo unali watsopano. Ndisanabwere m'nyumbamo munali mpando umodzi.

Pabwalo la kutsogolo kwa tchalitchi chija panali msika wa Khirisimasi: timisasa tamatabwa, magetsi ochuluka moti munthu ungadzione mthunzi mbali zinayi, fungo la soseji ndi makeke. Ndinaima pa msasa wina pamene mayi wachikulire, wa msinkhu wa akazi anga, ankatunga chinthu chofuka nthunzi mumphika. Nditanunkhiza ndinadziwa. Anthu amenewa amawiritsa vinyo ngati tiyi, pakhomo pa tchalitchi penipeni! Ndinawafotokozera mayiwo m'Chingerezi kuti ndine mkulu wa mpingo. Chingerezi chawo chinali chochepa, koma nkhope yanga anaimva. Analoza mphika wina, umene ankamwamo ana. Ndinaima pa mzere pakati pa anzanga awiri ofika m'chiuno.

Chakumwacho anandithirira mu kapu yooneka ngati jombo. Mtengo wake, ku msika wa pa boma ku Ntchisi ndikanagula tambala n'kutsala ya kabaza. Ndinalipira. Ndiye mayi aja anandiyang'ana, anapukusa mutu, anatambasula manja pamwamba pa thebulo n'kundimanga bwino mpango uja, monga amachitira mayi ndi mwana wopita ku sukulu. Anali munthu woyamba mumzinda wonsewo kundiona.

Tsono kwathu kuno, munthu akakupatsa chakudya m'mbale yake, subweza mbaleyo yakuda, ndipo suibweza yopanda kanthu. Kapu ija ndinapita nayo kunyumba, ndinaitsuka, ndinaidzaza mtedza wa ku Bowe, mmawa mwake ndinakaipereka ndi manja awiri. Mayiwo analawa, anagwedeza mutu. Kenaka anatsegula kabokosi n'kundipatsa ndalama zachitsulo.

Zinandiwawa. Kundilipira mphatso? Ndinaika manja kumbuyo. Iwo analankhula zambiri m'Chijeremani, akuloza kapu, akuloza ndalama. Ine ndinabwerera m'mbuyo. Anatuluka mumsasa muja. Tinazungulira mtengo wa Khirisimasi katatu, nkhalamba ziwiri, wina akuthawa ndalama wina akumuthamangitsa nazo, mpaka alendo a ku mayiko ena anayamba kutijambula poyesa kuti ndi gule wa kumeneko. Atatopa ndinagulanso chakumwa cha ana chija n'kupita ndi kapu ina. Zinatero masiku asanu ndi limodzi.

Anandigwira ndi mwana wanga, ataona thumba la mtedza likuphwa. Nditamufotokozera anaseka mpaka anakhala pansi, misozi ili chuchuchu. Chibwerere ndinali ndisanamumve akuseka chotero.

"Bambo, ndi dipoziti! Ngati ya botolo ku golosale. Mumalipiriratu kapu, mukabweza amakubwezerani ndalama zanu. Mayiwo mwawazunza sabata yathunthu!"

Manyazi anandigwira, koma sanakhalitse. Ndinagona ndikuganiza.

Loweruka tinapita tonse. Mayi aja atandiona anatulutsa envulopu, n'kuyamba kumukhuthulira mwana wanga mawu ngati mvula ya matalala. Mwanayo ankamasulira: akuti ndalamazi si zawo, zikuwasowetsa mtendere, sanasungepo chinthu cha mwini chibadwire. Akuti mtedzawo ndi wokoma. Akuti amuna awo ankakonda mtedza, anamwalira, mwana wawo amakhala mumzinda wina wakutali.

Ndinati: "Uwauze kuti kwathu ndalama salandirira pa msika chiimire. Amabwera nazo kunyumba, amakhala pansi, amadya kaye. Ndipo sapereka zonse tsiku limodzi, ndi mwano. Ulendo umodzi, kapu imodzi."

"Bambo, mwambo umenewo ndi wa kuti?"

"Wa ku Dzoole, kwa amalume ako. Iwe masulira."

"Ku Dzoole ndinakhalako ine."

"Unali mwana."

Anamasulira. Mayiwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana mwana wanga, kuyambira kumaso mpaka ku nsapato zake zakuchipatala. Sindikudziwa chimene anaona. Anabweza envulopu ija m'thumba la epuloni, anang'amba kapepala n'kumupatsa mwanayo kuti alembe kumene amakhala.

Msika unatsekedwa Khirisimasi itayandikira, mayiwo anapita kukaona mwana wawo, ine ndinakwera ndege asanabwere. Ndinafika ku Bowe galimoto itatitimira kawiri m'matope. Akazi anga sanafunse za tchalitchi ngakhale za ndege.

"Mwanayo ali kuti?"

"Ali pa ntchito."

"Ali ndi munthu?"

"Alipo mmodzi. Ali m'njira."

"Mwapita ulendo wonsewo, mtedza wanga mwamaliza, mwabwera ndi munthu wa m'njira?"

Mwezi wa Januwale wonse ndinapalira ndekha mbali ya kumtunda ya munda, ndipo akazi anga ankandiyankha ndi mawu amodziamodzi. Ndinayamba kuopa kuti mwina mayi aja anangoponya envulopu ija m'bokosi la makalata, nkhani n'kuthera pomwepo. Sindinamufunse mwanayo. Ndinkaopa yankho.

Kumayambiriro kwa Febuluwale anaimba yekha. Mayi aja anabwera, anakhala pa mpando wanga uja, anadya mpunga wa nyemba, anasiya ndalama za kapu imodzi. Ulendo wachiwiri anabwera ndi keke yotalika ngati mpini wa khasu. Wachitatu anaiwala envulopu. Munthu amene anandithamangitsa kuzungulira mtengo katatu, anaiwala! Ulendo wotsatira anaiwalanso.

Mu Epulo mwanayo anadwala chimfine chachikulu, masiku anayi osadzuka. Akazi anga ataimba foni, anamva mawu achilendo: anali mayi aja. Awiriwo anacheza mphindi makumi awiri, wina m'Chichewa wina m'Chijeremani, ndipo ndikulumbira kuti anagwirizana pa mfundo zonse: mwanayo sakudya mokwanira, savala zofunda, ndipo bambo ake ndi munthu wovuta. Atatseka foni akazi anga anafunsa ngati mtedza wa chaka chino tingaupezere munthu wopita kumeneko.

Makapu asanu ndi limodzi aja anatenga miyezi isanu ndi iwiri kuti athe. Mu Ogasiti, tikutonola chimanga pabwalo, foni yanga inalira m'thumba. Mwanayo anali atatumiza ndalama zonse, ndi uthenga wakuti mayi aja akuti ndiwerenge bwinobwino, ndipo Lamlungu akupita limodzi kukaona mtsinje. Ndinawerenga. Zinali zokwanira.