Wailesi ndi Mpukutu wa M'nsanja

Ngati mwadzuka lero mukuona ngati moyo wanu waima pamalo amodzi, kasukusuleni kaye, mubwere mukhale pansi. Nkhani iyi ndi yanu.

Tsiku limene mtsikana wina anabwerera kwa amayi ake, anali ndi khanda kumbuyo ndi zovala m'jumbo. Sukulu anali atasiyira panjira chifukwa cha mimba, ndipo mwamuna amene anamulonjeza kumwamba ndi pansi anali atasamuka osatsanzika. Amayi ake anatsegula chitseko, n'kuyang'ana jumbo, n'kuyang'ana khanda. Anangoti, "Lowa. Mwanayo apsa ndi dzuwa."

Pabalaza panali mmene anapasiyira. Mpando wothyoka mwendo unali utatsamirabe panjerwa, tivi yakale itafundidwa nsalu, ndipo mchimwene wake anali pawindo, nkhope italoza kumene kunkachokera kutentha kwa dzuwa. Maso ake anali atasiyiratu kuona.

"Walowa mwakachetecheteyu ndani?" anafunsa mchimweneyo. "Sangakhale Wailesi. Wailesi amamveka akadali pageti."

Iyeyo ndiye anamupatsa mlongo wakeyo dzinalo ali mwana, chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka. Koma tsiku limenelo Wailesi sanayankhe. Anadutsa n'kukalowa kuchipinda. Miyezi inapita akungoyamwitsa, kuchapa ndi kugona, mawu ake ali "eya" ndi "ayi" basi.

Kuti mumvetse chimene chinatayika m'nyumbamo, tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Bambo awo anali okonza mawailesi ndi mativi. Nyumba yonse inkanunkha waya wopserera, ndipo pansi pa tebulo sipankasowa tizitsulo tobaya kuphazi. Munthu wina anabweretsa kamakina kosewerera magemu kuti akonze, koma sanabwerenso kudzatenga. M'kati mwake munali chimbale chimodzi chokha. Gemu yake inali ya mlendo wovala chipewa chachikulu, amene ankadutsa m'chipululu ndi pamilatho yothyokathyoka, kufunafuna mpukutu wakale wobisidwa pamwamba pa nsanja.

Mchimwene wake ndiye ankasewera. Wailesi ankangokhala pambali, kulangiza zimene sanafunsidwe.

Kenako bambo anamwalira, ndipo pasanapite nthawi maso a mnyamata uja anayamba kuchita chifunga. Kuchipatala anayesa zimene akanatha, koma chifungacho chinkangokula. Anzake anayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenako anasiyiratu. Iye anasiya kuseka.

Masana ena Wailesi atachokera kusukulu, anayatsa makina aja n'kuika kodinira, kachipangizo koyendetsera gemu, m'manja mwa mchimwene wake.

"Inu muzidina, ine ndiziona," anatero.

Poyamba zinali zoseketsa. Mlendo wa chipewa uja ankagwera m'dzenje lililonse limene analipeza.

"Kumanzere! Kumanzere kwanu, achimwene, osati kwa aneba!"

"Ndiye uzinena msanga! Pakamwa ponsepo ntchito yake n'chiyani?"

Amayi ankakuwa ali kukhitchini kuti achepetse phokoso, koma sankabwera kudzazimitsa. Anali atamva mwana wawo akusekanso.

Pang'ono ndi pang'ono anazolowerana. Anawoloka milatho yonse, anakwera masitepe a nsanja, mpaka anafika pachitseko chomaliza. Mchimwene uja anadina. Chithunzi chinaima nji. Chimbale chinali chokalika pamalo omwewo, ndipo mlendo anangouma dzanja lili pachitseko.

"Chatseguka?" anafunsa mchimweneyo, nkhope ikuwala, zala zili chire. "Muli chiyani m'katimo?"

Wailesi anayang'ana tivi, n'kuyang'ana nkhope ija.

"Chatseguka," anatero. "Mpukutu uli patebulo lamwala. Ndi wachikopa, ndipo m'mphepete mwake ndi mopserera."

"Unapsa bwanji?"

Apa ndiye panayambira zonse. Wofunsa akafunsa, woyankha ayankhe. Wailesi anati pakhoma la chipindacho panalembedwa mbiri ya mpukutuwo, ndipo anayamba "kuwerenga". Anati unalembedwa ndi mayi wina wowolotsa anthu pamtsinje, amene ankafunsa aliyense wokwera bwato lake chinthu chimodzi chimene sankafuna kuti chiiwalike. Mzinda wawo utapsa, mwana wake anauphula pamoto ndi manja. Kenako unabedwa ndi mbala yosadziwa kuwerenga, imene inatsekera nawo denga lodontha mpaka mvula inafufuta mayina a mafumu onse, n'kusiya a anthu wamba. Kenako unafika kwa mmisiri womanga nyumba, amene anauwerenga, n'kuchita mantha, n'kuumangirira m'khoma.

Masana alionse ankadutsa chipululu chija, kufika pachitseko, chithunzi n'kuima, Wailesi n'kupitiriza. Mpukutu unkasintha manja, ndipo aliyense woupeza ankalembapo mzere wake m'mphepete. Amenewo anali masiku abwino kwambiri m'nyumba ija, ngakhale kuti pa nthawiyo palibe amene ankadziwa.

Kenako Wailesi anakula, anapita kusekondale, anakumana ndi wolonjeza uja. Mpukutu unatsalira m'khoma la mmisiri.

Tsopano tibwerere kwa mayi wachichepere wosalankhula uja. Khanda silidya manyazi a mayi ake, choncho anapeza ntchito yosita zovala pamalo ochapira. Ankaima tsiku lonse mu nthunzi yotentha, kuwongola makolala a anthu amene anamaliza sukulu.

Mwana wake wamkazi atayamba kuyenda, anakoka nsalu ya pativi, n'kupeza kodinira kaja kali fumbi lokhalokha. Anakakaponya pamiyendo pa amalume ake. Iwo anakasisita ndi zala kwa nthawi ndithu.

"Wailesi," anaitana. "Mmisiri uja anaumangirira m'khoma. Anautulutsamo ndani? Sunamalize."

"Achimwene, ndili ndi matewera oti ndichape."

"Matewera amachapidwa ndi manja. Pakamwa pali pa tchuthi."

Wailesi anatuluka mokwiya. Koma ali pabeseni, thovu lili m'zigongono, anangomva pakamwa pake payankha pokha kudzera pawindo: "Chivomezi. Khoma linang'aluka, mwana woweta mbuzi n'kuuona."

"Eya!" anatero mchimweneyo. "Batire lija lilipo."

Kuyambira pamenepo mawu anabwerera. Ankasimba akuchapa, ankasimba akusita, mpaka anzake a kuntchito ankakangana kuti mbala ija inali yoipa kapena yongosauka. Atamva kuti kulaibulale amaphunzitsa kompyuta kwaulere Loweruka, anapita ndi mwana kumbuyo. Ankalemba ndi zala ziwiri ngati nkhuku yojompha chimanga. Tsiku lina anafufuta mwangozi zonse zimene analemba mwezi wathunthu. Analira, anapukuta misozi, n'kuyambiranso.

Kulaibulale komweko kunkakumana kagulu ka achinyamata opanga magemu. Mtsogoleri wawo anali mayi wina amene anzake ankamutchula kuti Magalasi. Ankafuna munthu wowalembera nkhani. Wailesi anazungulira pakhomo pawo kangapo asanagogode, kenako anapereka mbiri ya mpukutu ija.

Magalasi anaiwerenga yonse, osadumpha tsamba. "Chemwali, nkhaniyi ndi yokoma," anatero. "Koma iyi ndi nthano, si gemu. Wosewera azichita chiyani? Azingokhala manja ali pamiyendo?"

Funsolo linali loona, ndipo n'chifukwa chake linapweteka. Wailesi anakakonza, n'kuikamo zilombo ndi malupanga monga ankaonera m'magemu ena. Magalasi anabweza. Anakonzanso, n'kuikamo chuma chokwiriridwa. Anabwezanso. "Izi aliyense angalembe," anatero Magalasi mofatsa. "Zija zinali zanu, koma sizinkaseweredwa. Izi zikuseweredwa, koma si zanu."

Madzulo a tsiku limenelo anafika kunyumba, n'kuponya chikwama pampando wa njerwa uja.

"Ndasiya," anauza mchimwene wake. "Amene aja anapita kukoleji. Ine ndine wosita malaya. Za magemu ndikudziwapo chiyani? Gemu imodzi yokha imene ndinaseweretsapo, ngakhale mapeto ake..."

Anadzigwira pakamwa.

"Sunawaone," anamaliza mchimweneyo. "Ndikudziwa. Chitseko chija sichinatsegukepo."

"Mwadziwa bwanji?" anafunsa Wailesi.

"Iwe, ine ndine wosaona, si wogontha. Tikafika pachitseko nyimbo inkakakamira pamodzimodzi, tii, tii, tii, ngati mbalame yodwala. Ndine mwana wa wokonza mawailesi. Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Ndikananena ukanasiya. Ukuganiza kuti chipululu chija ndinkachikonda? Ndinkachidutsa tsiku ndi tsiku kuti ndikafike pamene makina ankaima, iwe n'kuyamba." Anafufuza dzanja la mlongo wake mpaka analipeza. "Akufunsa kuti wosewera azichita chiyani? Usawauze za malupanga. Kawauze zimene tinkachita ife."

Loweruka lotsatira anapita onse awiri, mwana ali pakati. Wailesi sanapereke pepala. Anapempha Magalasi kuti avule magalasi ake, atsinzine, agwire kodinira. Anayatsa kagemu kena kamene gululo linali kuyesa, n'kuima kumbuyo kwake.

"Patsogolo. Imani! Dumphani!"

Magalasi anagwera m'dzenje, n'kuseka mpaka kutsokomola. Anapempha kuti ayesenso. Anzake anayamba kulimbirana.

"Mpukutu umenewu sutsegukira munthu amene wabwera yekha," anafotokoza Wailesi. "Mayi wa bwato uja anaulemba kuti wina aziwerengera mnzake. Ndiye osewera akhale awiri. Wina aziona koma asagwire. Wina azigwira koma asaone. Akadutsa malo amodzi, azimva za munthu mmodzi amene anausungapo."

Magalasi anavalanso magalasi ake. "Imeneyo ndiye gemu," anatero. "Mubwere Lolemba. Achimwene anuwa abwerenso, tikufuna makutu awo."

Musaganize kuti kuyambira apo zinangoyenda ngati madzi. M'mawa Wailesi ankasitabe. Masana ankaphunzira zinthu zimene anzake anaziphunzira kalekale, ndipo ankafunsa mafunso amene ena ankaona ngati achibwana. Anamudulira nkhani zambiri zimene ankazikonda. Ya mwana woweta mbuzi inachotsedwa yonse, ndipo anakhala masiku osalankhulitsana ndi Magalasi. Pa mbala ya denga lodontha pokha anakana kwamtuwagalu, ndipo inatsala. Mchimwene wake ankamvetsera phokoso lililonse n'kumawauza kuti, "Mlatho uwu ukumveka ngati uli kumanja, pamene mwauika kumanzere. Mukufuna kundipha?" Panali nthawi imene kagulu konse kanatsala pang'ono kutha. Mwana uja anayamba sukulu gemu isanathe.

Koma inatha. Sinagwedeze dziko lonse. Inangofika m'nyumba zokwanira, kwa azigogo osewera ndi zidzukulu, kwa ana osaona amene anali asanagwirepo kodinira. Wailesi anasiya kusita, n'kulembedwa ntchito yolemba nkhani za gululo, ndipo analembetsa sukulu ya akuluakulu kuti amalize pamene anasiyira.

Tsiku limene anabwera ndi gemuyo kunyumba, anailumikiza pativi yakale ija. Mchimwene wake anali atamva zidutswa zake zonse kuntchito, kupatula chipinda chomaliza. Chimenecho anakana kuchimva. Anati adzachimvera pampando wake, pabalaza la bambo ake.

Anagwira kodinira. Wonena njira anali mwana uja, atavala yunifolomu yake.

"Kumanzere, amalume! Kumanzere kwanu!"

"Mwana uyu ndi wailesi yachiwiri," anadandaula amalumewo. "Nyumba ino sidzaona mtendere."

Anadutsa mtsinje, mzinda wopsa, nyumba ya mbala, khoma la mmisiri. Anakwera masitepe. Atafika pachitseko, zala zawo zinaima zokha. Amayi anali atatuluka kukhitchini, ataima pakhomo ndi nsalu ya pativi ija m'manja.

Anadina.

Nyimbo sinakakamire. Kunamveka kulira kwa chitseko cholemera chikutseguka, kenako mapazi pamwala, kenako chikopa chikutambasulidwa. Ndiyeno m'tivimo munatuluka mawu amene onse ankawadziwa, mawu a Wailesi, akuwerenga mzere woyamba wa mpukutu: "Iwe amene wafika pano, tembenuka umuthokoze amene wakufikitsa."

Mchimweneyo anaika kodinira pamiyendo. Kenako anatembenuzira nkhope kumene kunali mlongo wake.

"Ulendo uno chatsegukadi," anatero. Amayi anapukuta maso ndi nsalu ya fumbi ija, osazindikira n'komwe.

Inu amene mukuwerenga, mwina chimbale chanu chinakalika. Mwina sukulu inaima, banja linaima, thupi linaima, ndipo mwakhala nthawi yaitali dzanja lili pachitseko chosatseguka. Kulira lirani, palibe choletsa, koma matewera achapidwe ndipo Loweruka mupite kukaphunzira. Akakubwezerani ntchito yanu, funsani chimene chalakwika, mukonze, mubwererenso. Ndipo yang'anani bwino m'nyumba mwanumo, chifukwa mwina muli wina amene wakhala akudikira kuti mupitirize.

Pamene makina anaima m'pamene Wailesi anayambira. Osataya mtima. Yambirani pomwepo.