Madzi a Batire pa Mano a Achemwali

Tsiku limene botolo lija linatsegulidwa tinalipo anthu asanu ndi mmodzi, ndipo ndiwatchula onse kuti wina asadzati mkuluyu akupeka. Analipo amayi. Analipo amalume, eni mbumba yathu. Analipo achemwali anga, amene ine ndinawaponda pamutu. Analipo mkulu wina wa lole ya nsomba, mwini botololo. Analiponso mayi wina woyandikana nafe, amene anangobwera kudzabwereka lichero n'kukhala osachokanso. Wotsiriza ndinali ine. Onsewo anapita, ndatsala ndekha, ndiye palibe wonditsutsa, komanso palibe wondiikira umboni.

Botololo linali laling'ono, lobiriwira, lotseka ndi chitsononkho. Madzi ake anali oyera ngati a mvula. Kukhosi kwake anakulungako kansanza, ndipo kansanzako kanali kobookabooka ngati kadyedwa ndi chiswe. Munthu wanzeru akanafunsa kuti chadya nsaluyi n'chiyani. Palibe amene anafunsa.

Ine sukulu ndinalekeza sitandade thuu, ndipo zilembo zanga zili ngati pamene papalasa nkhuku. Koma mawu ndili nawo. Funsani ku Nkope konse, akuuzani kuti ndikaitana bwato lili pakati pa madzi limatembenuka. Mawu amenewo ndinabadwa nawo, ndipo ndi amene anachita zimene ndikulembazi.

Ife tinabadwira kumtunda, kuseri kwa phiri, kumene mudzi wonse unkamwa pa chitsime chimodzi. Ana onse a chitsime chimenecho tinamera mano ofiira, amizeremizere ngati dzimbiri la pa malata. Kumtundako sinali nkhani, poti aliyense akaseka zinali zomwezo. Bambo atamwalira tinatsikira kunyanja kukakhala ndi amalume, ndipo kumeneko m'pamene tinamva kuti ndife odya dothi. Ana a kugombe mano awo anali mbee. Ine wondinena ndinkamuyankha ndi chibakera. Achemwali ankangoseka, pakamwa ponse yasa, mpaka wowanenayo n'kuchita manyazi yekha. Ndipo mano awowo anali mano enieni. Ankasenda nawo nzimbe, ankadula nawo ulusi wa ukonde mpeni ukasowa.

Chinali chilimwe, ine ndili ndi zaka ngati khumi ndi ziwiri. Mchenga unkawotcha mapazi, usipa unkauma pa thandala tsiku limodzi lokha, ntchentche zili ng'aa. Chaka chimenecho kusukulu ya mishoni kunabwera aphunzitsi achinyamata ochokera boma lina, ndipo anawaona achemwali akuimba kwaya. Anatuma mawu kwa amalume. Amalume anayenda sabata yonse chifuwa chili patsogolo, poti mbumba yathu inali isanalowemo munthu wovala nsapato.

Kenaka kunabwera alongo awo a aphunzitsiwo kudzaona mkazi. Anadya, anacheza, anayamikira mmene achemwali ankagwadira. Potsanzika anawakokera amalume pambali n'kunena mawu amene amayi anawabwereza mpaka imfa yawo: "Mwana ndi wabwino, koma kwathu akaona manowo adzati amadya fodya."

Ndinene pano, poti ndakalamba ndipo ndaziganizira: aphunzitsi eni ake sanatchulepo za mano ngakhale kamodzi. Palibe amene anapita kukawafunsa.

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba mwathu munalowa ntchito. Amayi anasinja makala, achemwali anatsuka. Anayesa phulusa. Anayesa mandimu ndi mchere. Anayesa mchenga wosalala wa m'mphepete mwa madzi mpaka nkhama zinatuluka magazi. Mizere ija osasuntha, poti sinali pamwamba, inali m'kati mwa dzino. Izi ndazidziwa chaka chino.

Mkulu wa lole uja ankabwera sabata ndi sabata kudzatenga nsomba zouma, ndipo amalume anamudandaulira. Iye anaseka, nati akazi a m'tauni anasiya kalekale kuvutika ndi makala. Anati madzi a m'batire ya galimoto amadya dzimbiri pa chitsulo, nanga dzino n'chiyani. Sindikuti anali mfiti. Ndikuganiza kuti ankakhulupirira zimene ankanenazo, ndipo munthu wotere ndi amene amaopsa kwambiri.

Anabwera masana dzuwa lili paliwombo. Tinasonkhana kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa mango, ndipo anagadabuza mtondo kuti ukhale mpando. Atazula chitsononkho, dontho limodzi linagwera pa mwala n'kuchita thovu. Achemwali anaona. Anabwerera m'mbuyo nati iwo ayi, bola akhale osakwatiwa. Amalume anakalipa, amayi anachonderera, mayi wa lichero uja nayenso anaponyapo ake. Achemwali anangogwira tsinde la mango.

Tsono ine nyengo imeneyo ndinali ndi changa chimene ndinkafuna. Amalume ankakana kunditenga pa bwato, ati ndidakali khanda, ndikalira pakati pa nyanja. Ndinaona kuti mpata ndi umenewu. Ndinadumpha n'kukhala pa mtondo paja, ndinati yambani ine, akazi aone.

Mkuluyo anakulunga thonje ku kamtengo, analiviika, nandipaka mano anayi a m'mwamba. Poyamba kunali kuwawasa koposa ndimu. Kenaka moto. Kenaka chinthu ngati msomali wotentha chinalowa m'dzino, chinadutsa m'mphuno mpaka kuseri kwa diso. M'kati mwa mlomo khungu linasupuka, ndinalimva likuyandama pa lilime ngati kapepala konyowa. Anakhula ndi phulusa, nandipatsa madzi kuti ndichukuche. Kenaka anabweretsa kalilole wothyoka wa pa lole.

Mano anali mbee ngati choko. Mayi wa lichero anaomba m'manja. Amayi anandigwira phewa n'kundifunsa motsitsa ngati zikupweteka.

Ndinakuwa kuti a nyumba yachitatu amve: "Sizikupweteka! Ngakhale pang'ono!"

Amalume anati mwamuona mwamuna. Mkulu uja anaviikanso thonje, nati nditsegule apake a m'munsi kuti mtsikanayo aonetsetse. Ndisanatsegule, achemwali anasiya mtengo uja, anandikankha pa mtondo mpaka ndinagwa chammbali, n'kukhalapo iwo. Anatseka maso, anayasamula.

Iwo anawapaka m'mwamba ndi m'munsi momwe, kawiri, poti mizere yawo inali youma mutu. Sabata yotsatira lole itabwera anawapakanso. Sanalire. Zala zawo zokha zinakanda mtondo mpaka chikhadabo chinathyoka. Ine ndinapita kuseri kwa thandala kukasanza, n'kubwerako ndikuyenda ngati tambala, poti ndinali nditawalimbitsa mtima achemwali anga, ndipo mawa lake amalume ananditenga pa bwato.

Kuyerako kunakhala masabata awiri. Anthu ankabwera kudzaona. Koma madzi a mumtsuko anayamba kutilasa, kenaka ngakhale mphepo. Ndinkawaona achemwali akuika madzi akumwa padzuwa kuti afunde. Mano anayamba kukhakhala, lilime likadutsapo ngati pa njerwa. Anasanduka achikasu, kenaka m'mphepete mwake munayamba kunyotsoka. Mvula yoyamba itagwa, achemwali analuma chimanga chokazinga, ndipo dzino lakutsogolo linatsalira m'dzanja lawo, theka. Analiyang'ana, analiponya pa denga monga amachitira ana, koma iwo anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, panalibe lina loti limere.

Tsaya linatupa mpaka diso linatsekeka. M'nyumba munkanunkha mafinya. Amalume anawakweza pa njinga kupita nawo kuchipatala cha mishoni, ndipo kumeneko anazula amene anali ataola. Anabwerera kangapo. Pofika nthawi yokolola, kutsogolo konse kunali mbee wa mtundu wina, kopanda kanthu.

Aphunzitsi anabwera kawiri kudzawaona. Ena amati anali okonzekabe kuwatenga. Achemwali anakana kutuluka m'nyumba, ndipo chaka chitatha aphunzitsiwo anasamutsidwira kusukulu ina. Kwaya anasiya. Chitenje chinakwera kufika pamphuno, ndipo sichinatsikenso zaka makumi anayi. Anadzakwatiwa mochedwa ndi msodzi wina wachikulire, ana sanabereke. Mkazi wanga atamwalira, ndi iwo amene analera mwana wanga wamwamuna.

Mano anga anayi aja nawonso anapita limodzilimodzi. Aliyense wondifunsa ndinkamuuza kuti inandimenya nkhafi tsiku la mwera waukulu, ine ndikupulumutsa anzanga. Nkhani imeneyo ndaikamba m'maliro ndi m'maukwati, ndipo chaka chilichonse mafunde ake amakula. A m'munsiwa alipo onse, ofiira monga ndinabadwira, ndipo nzimbe ndimadya ndi amenewa. Za tsiku lija ine ndi achemwali sitinakambiranepo. Ndinawagulira zitenje zambiri. Ndinawanyamula pa maliro awo. Koma pakamwa panga, pamene pamatembenuza bwato, panalephera kunena kuti ndinakunamizani.

Chimene chandilembetsa ndi mdzukulu wanga, mwana wa mwana wanga uja. Anakulira kumtunda kumene bambo ake amagwira ntchito, akumwa madzi a pa mjigo, ndipo mizere ija ali nayo. Ukwati wake uli pafupi. Mwezi wathawu anabwera kudzandiona, ndipo m'chikwama chake ndinaona kabotolo kopanda dzina, kamene anagula kwa munthu wa pa foni. Anati n'koyeretsa mano. Ndinakalanda, ndinakaponya m'chimbudzi, ndipo ndinakalipa mpaka agalu a m'mudzi anauwa. Mwanayo analira, nati agogo ndinu ankhanza, inu zanu zinatha.

Bambo ake anati ngati akufunadi, apite kwa dokotala weniweni wa mano ku boma. Ine ndinati ndipita nawo, ndikamuuze dokotalayo mawu. Ndinavala jekete.

Tinakapeza dokotalayo ali kamtsikana, kamsinkhu wa mdzukulu wangayo. Ndinayamba kukweza mawu, iko kanangondipatsa mpando n'kupitiriza ntchito. Tsiku limenelo sikanagwire mankhwala alionse. Kanayang'ana dzino lililonse ndi kagalasi, kanapeza limodzi lobooka, n'kunena kuti limenelo limatidwe kaye, mano atsukidwe, nkhama zikhale bwino, zoyeretsazo pambuyo. Kanati njira zilipo ziwiri zitatu. Ina amachitira pompo, ataphimba nkhama ndi milomo kuti mankhwala asakhudze mnofu. Ina amapanga kachikombole kolingana ndi mano a munthuyo, kuti azikaika kunyumba ndi mankhwala ofooka, pang'onopang'ono. Kanati mano amatha kunyerenyetsa masiku angapo ukamwa zozizira, kenaka n'kusiya. Kanatinso asayembekeze mano a pa chithunzi, chifukwa mizere ya madzi ili m'kati, ina imazilala, ina imatsala, ndipo yotsalayo ngati ikumuvutitsa akhoza kuiphimba. Za kabotolo kopanda dzina kanati ndinachita bwino kutaya. Ndinayang'ana mdzukulu wanga kuti amve.

Kenaka kanamugwira dzanja mwanayo n'kumuuza kuti: "Zikapweteka unene msanga, tisiye. Osapirira. Kupirira kuno sikuthandiza."

Potuluka kanandiyang'ana pakamwa n'kundifunsa kuti agogo, awa anapita bwanji. Ndinati nkhafi. Kanayang'ana chipsera cha m'kati mwa mlomo wanga nthawi yaitali, koma sikananditsutse.

Mdzukulu anatsalira kuti amumate dzino lija. Ine ndi mwana wanga tinakakhala panja, pa benchi, dzuwa likuwotcha ngati chilimwe chija. Ndinamuuza zonse, botolo, mtondo, ndi mmene ndinakuwira. Ndinamuuza kuti azakhali ake amene anamulera anakhala moyo wonse chitenje chili pakamwa chifukwa mwana wina ankafuna kukwera bwato. Ndinalankhula motsitsa mpaka anachita kusendera kuti amve, iye amene chibadwire sanasenderepo kuti amve bambo ake.

Anayang'ana njinga zimene zinkadutsa. Kenaka anati:

"Bambo, azakhali anandiuza ndili sitandade seveni. Anati misozi yanu anaiona, ndi mwendo wanu mmene unkanjenjemerera. Bodza lanu sanalikhulupirire ngakhale pang'ono. Anakhala pa mtondo paja kuti munthu uja asakupakeni a m'munsi. Anati ndisakuuzeni mpaka mutayamba mwanena nokha."