A Sellina ndi Mapiritsi Ogawana

A Sellina amasoka pakhonde la sitolo ku Limbe, moyang'anana ndi ine wogulitsa mazipi. Ndi mayi wosakhazikika: phazi pamakina, diso kumsewu, pakamwa pa ine. Chilema chawo n'chimodzi, kugawa. Chinangwa amagawa, ulusi amagawa, ngakhale mapiritsi. Ukangotsokomola, apisa kale m'chikwama.

Chaka chatha miyendo yawo inayamba kuyaka moto, ndipo kuchipatala anawapatsa timapiritsi tachikasu. Moto unazima, koma mayi anayamba kusinza pamakina, mtima ukugunda ngati ng'oma. Tsiku lina anasokerera thumba la buluku kubondo.

"Mayi, mwiniwakeyo azipisa atagwada?" ndinafunsa.

"Inu a Eliot, sukulu munathawa, ulemunso munathawa?"

Anabwerera kuchipatala kawiri, akungouzidwa kuti thupi lizolowera. Kachitatu anapeza dokotala wina wamkazi, amene anawatenga malovu kukayeza chibadwa chawo. Ine ndinalekezera sitandade sikisi, koma mmene a Sellina anandifotokozera ndinamva: matupi ena amachedwa kuchotsa mankhwala, ndiye amangounjikana m'magazi. Dokotalayo anati anzake ambiri kuyeza kumeneku amangokumva, ndipo iye anatha chifukwa panali kafukufuku.

Zotsatira zitabwera anawasinthira mankhwala, n'kuwonjezera kuti zimenezi zimayenda m'mtundu.

Apo a Sellina anakumbukira zimene anachita. Theka la mapiritsi aja anali atapatsa akulu awo, a Marjorie a ku Nancholi, odwalanso miyendo, komanso a mtima wofooka. A Sellina ankati poti mimba ndi imodzi, chothandiza mng'ono chithandiza mkulu.

Anaimba foni, yozima. Anaimbanso. Makina anandisiyira ine, n'kukwera minibasi yopanda anthu, ija imazungulira pasiteji kufuna kudzaza. Anatsika, anakwera ina. M'tauni sanadikirenso, anakwera njinga yamoto.

Atafika, anapeza a Marjorie akusesa pabwalo.

"Achemwali, mapiritsi aja mwamwa angati?"

"Bwanji, osayamba wapereka moni?"

"Angati?"

A Marjorie analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kapepala kodzaza mapiritsi.

"Limodzi. Ndinagona mpaka nkhuku zinalowa m'khitchini, mtima uli thi thi thi. Ndinaleka."

"Nanga muja munkandiuza kuti akuthandiza?"

"Unabwera nawo wekha, mvula ikugwa. Ndikanati chiyani?"

A Sellina anakhala pansi, pafumbi pomwepo, kapepala kali m'manja.