Tsiku limene injini yanga inasiya kukodza

Loweruka lapitali ndinachita manyazi pamaso pa apongozi anga, mboni zake zinali mvuu.

Ndili ndi kaboti ka injini pa Liwonde. Ndimakakonda moti mayi akunyumba amati ndi mkazi mnzawo. Tsikulo apongozi aakazi anali atabwera kuchokera ku Chikweo kudzaona zidzukulu, ine ndiye ndinati ndiwaonetse kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba. Tinakwera boti, ulendo pa Shire.

Injini ya boti imamwa madzi a mumtsinje kuti isatenthe, n'kumawatulutsa pakabowo kakumbuyo. Eni maboti timati ikukodza. Titafika pakatikati, yanga inasiya kukodza. Kenako fungo lopserera. Kenako zii.

"Tafika kodi?" anafunsa apongozi.

"Iyayi amayi, ndazimitsa dala kuti muone bwino mvuu."

"Ndaziona, bambo. Nazonso zationa."

Nkhafi ndinali nditazisiya kunyumba, ati zimaipitsa maonekedwe a boti. Ndinapalasa ndi chivundikiro cha ndowa, thukuta kamukamu, apongozi akupemphera kolona mokweza, mpaka tinakakodwa m'bango. Anatsika nsapato zili m'manja, osanditsanzika.

M'mawa mwake ndinamasula injini ija. Tinjira tonse ta madzi tinali titatsekeka ndi dzimbiri, lina loyera ngati phulusa. Paja ndinaibwereketsa kwa asodzi a ku Chilwa, kumene madzi ake ndi amchere, ndipo itabwerako sindinaitsukuluze m'kati ndi madzi abwino. Kachitsulo kamene timamangirira kunsi kuti dzimbiri lizidya iko m'malo mwa injini kanali katatheratu. Chopweteka n'chakuti malangizo amenewa ndimawapereka ndine padoko, mwaulere, ngakhale kwa amene sanandifunse.

Koma kunja kwa injiniyo? Kuwala ngati galimoto ya ukwati! Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musandiseke kwambiri, awerengi. Kodi si ife timapaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu kukamabwera akuluakulu, ngalande zili zodzaza ndi zinyalala? Mjigo timauvinira tsiku loutsegulira, koma wouthira girizi sapezeka mpaka utafa. Ntchito yosaoneka ndi maso palibe amaifuna, poti ilibe nthungululu.

Ineyo suti ndimasita mlungu uliwonse, koma kuchipatala kukapimitsa thupi ndinapita liti? Nanga inu, m'kati mwanumo munasuzumiramo liti?