Pulagi Yotentha M'chipinda cha Amama

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ofesi ya adada inasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Likulu la dziko linali kusamuka, ndipo ife tinasamuka nalo pa lole imodzi ndi mabedi, mabuku a nyimbo za kutchalitchi ndi makina osokera. Kwathu ndi ku Rumphi, n'chifukwa chake makolo athu tinkawatchula kuti adada ndi amama, ngakhale ife ana tinakula tikuyankhula Chichewa.

Tinapatsidwa nyumba ku Area 15. Inali yatsopano, yonunkha penti, koma pabwalo panalibe mtengo woti n'kukhala pamthunzi. Mathirakitala ankakumba misewu tsiku lonse, ndipo fumbi lofiira linkalowa paliponse: m'shuga, m'makutu, m'zovala zoyanika. Amama anali ndi mphumu. Ku Zomba inkawagwira mwa apo ndi apo, koma kuno inawakanirira. Tikatsegula mazenera fumbi linkawatsamwitsa, tikatseka kutentha kwa Okutobala kunkawabanikitsa. Ndikabwera kusukulu ndinkawapeza atatsamira khoma, m'chifuwa mukulira ngati wenzulo.

Loweruka lina adada anafika pa galimoto ya mnzawo ndi chibokosi chachitsulo, cholemera moti amuna awiri anachinyamula akubuula. Anachigula chogwirapo kale ntchito kwa Mmwenye wina wa sitolo ku Area 2.

"Iyi ndi eyakoni," anatiuza. "Imaziziritsa chipinda mazenera ali chitsekere. Amama anu apume."

Anachotsa galasi limodzi la pazenera la kuchipinda kwawo, n'kukhomera zitsulo ziwiri kukhoma la kunja kuti makinawo akhalepo osagwa. Anawapendeketsa pang'ono chakunja kuti madzi amene amatuluka azidonthera pansi, osati m'nyumba, kenaka anatseka mipata yonse ndi matabwa. Pulagi anailowetsa pa soketi ya pafupi ndi bedi, yomwe amama ankasitirapo zovala. Atayatsa, chinthucho chinanjenjemera, chinang'ung'udza, kenaka kamphepo kozizira kanandikhudza pankhope. Amama anatseka maso n'kupuma mpweya wautali womwe ndinali ndisanaumve chifikire ku Lilongwe.

Ntchito yosamalira makinawo anaipereka kwa ine, chifukwa mchimwene wanga Vitumbiko sankakhazikika pakhomo. Kutsogolo kwa eyakoni kunali kasefa kogwira fumbi. Loweruka lililonse ndinkakasolola, kukatsuka m'beseni mpaka madzi atafiira, n'kukayanika kuti kaumiretu ndisanakabwezeretse. Lamulo la adada linali limodzi: "Tiwonge, usanagwire chilichonse, zimitsa pa swichi, uzule pulagi."

Amama anasintha. Anayambanso kusoka, akuimba chapansipansi. Amayi a m'nyumba zoyandikana ankabwera masana ati kudzaonetsa nsalu, koma ankakhalitsa m'chipindamo mpaka tiyi atazizira.

Tsiku lina nditazimitsa kuti ndizule pulagi, inandiwotcha zala. Ndinaitaya pansi. Nditaiyang'ana bwino ndinaona kuti pozungulira mano ake pada, ndipo pa soketi pankamveka fungo la pulasitiki wopserera. Amama anali pa makina osokera, atandifulatira, akuimba. Ndinaima pamenepo chala chili m'kamwa. Adada ndinkawadziwa. Ndikawauza, eyakoni izima. Ikazima, kuimbako kutha.

Ndinatsuka sefa n'kuiyanika. Adada atabwera kuchokera kumsika ndinawakokera pakhonde n'kuwaonetsa chala. Sanandifunse zambiri. Analowa, ananunkhiza soketi, anagwira khoma ndi chikhatho, kenaka anatenga mpeni n'kudula pulagiyo pa waya wake, n'kuiika m'thumba.

"Bwanji kodi, a bambo a Tiwonge?" anafunsa amama.

"Siyakanso mpaka abwere wamagetsi. Pepani, anyina Tiwonge."

Koma amisiri a magetsi masiku amenewo anali osowa. Mzinda wonse unali kumangidwa, ndipo aliyense wodziwa waya anali pamwamba pa nyumba ina ku City Centre. Adada ankapita uku ndi uku akaweruka, n'kubwera ndi malonjezo okhaokha. Dzuwa nalo linachita kunyanya. Mvula inkangogunda patali osagwa. Amama anasiya kusoka. Kulira kwa m'chifuwa kunabwerera, ndipo masana ena anabanika koopsa, milomo inachita kuda, mpaka mnansi wathu anawathamangitsira kuchipatala pa galimoto yake.

Titatsala awiri pakhonde, Vitumbiko anandiyang'ana ndi maso ofiira. "Ukanangokhala chete iwe. Inkagwira ntchito bwinobwino."

Nanenso ndinkaganiza zomwezo.

Mawa lake adada ananditenga kukaona amama kuchipatala. Ndinangofika pabedi n'kuyamba kulira. Amama anandigwira dzanja, akuyankhula modukizadukiza. "Ukulira chiyani? Ndikanakhala ine ndaigwira pulagi ija, sindikananena. Ndinkaikonda mphepo ija kuposa nzeru. Wachita zimene ine zikanandikanika."

Adada anali chiimire kumutu kwa bedi, akuwakupiza ndi nyuzipepala. Dzanja limodzi likatopa ankasinthira linalo. Ndinaona kuti kolala ya malaya awo, yomwe nthawi zonse inkakhala yosita bwino, inali yakuda ndi thukuta la dzulo.

Amama asanatuluke m'chipatala, kunabwera a Mbewe, wamagetsi amene adada anachita kukawadikirira pachipata cha nyumba ina yomwe inkamangidwa. Atamasula soketi anandiitana kuti ndione. Mkati mwa khoma waya anali atasungunuka chikopa chake, mkuwa uli pamtunda, wakuda bii, chapafupi ndi pomwe katani ankalendewera pamwamba pa pilo wa amama.

"Soketi iyi ndi ya ayironi ndi wailesi," anatero a Mbewe. "Makina awa amakoka moto wambiri, ndipo amakoka tsiku lonse. Afunika njira yawoyawo."

Anakoka waya wonenepa kuchokera pa bokosi lalikulu la magetsi mpaka kuchipinda, anaika swichi yake ndi fyuzi yake, komanso waya wopita pansi woteteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi akakhudza chitsulo. Adada anaima pambali nthawi yonseyo akufunsa, a Mbewe akuyankha. Atamaliza anayatsa, n'kudikira mpaka dzuwa litapendeka, kenaka anandiuza kuti ndigwire pulagi yatsopanoyo. Inali yozizira.

Amama anabwerera m'chipinda chozizira, ndipo anakhala nafe zaka zambiri pambuyo pake. Vitumbiko sanapepese ndi pakamwa, koma Loweruka lotsatira ndinamupeza atanditungira kale madzi m'beseni.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti pa nkhani yonseyi wovutika anali amama, ndipo wolimba mtima ndinali ine. Lero ndine wamkulu kuposa mmene adada analili nthawi imeneyo, ndipo ndimaganiza za iwo. Ine ndinangonena kamodzi, zinathera pomwepo. Iwo anayenda ndi pulagi ija m'thumba masiku onse aja, akumva mkazi wawo akubanika, akudziwa kuti kuilumikizanso n'kosavuta ndipo palibe akanawadzudzula. Anasankha kuti tiwaone ngati ouma mtima, bola mkazi wawo asapse ali m'tulo.